Kodi phytase angalowe m'malo mwa DCP pa chakudya cha nkhuku zoikira ndi nkhumba?

Mbewe_Linga

Moni nonse. Ndili ku Nkhotakota, dera la Linga. Nkhuku zoikira zilipo 300 za masabata 34, nkhumba zilipo 14, ziwiri zoyamwitsa ndipo zinazo ndi zonenepetsa. Chakudya ndimasakaniza ndekha pa simenti ndi fosholo. Cha nkhuku, pa makilogalamu 100, chili chonchi: chimanga chogaya 49, madeya a mpunga 12, keke ya soya 20, keke ya mpendadzuwa 8, laimu 9, DCP (dicalcium phosphate, ufa wopatsa ziweto fosiforasi ndi kashiamu) 1.2, mchere 0.4, premix (msakanizo wa mavitamini ndi michere) 0.4. Nkhumba zimadya madeya a chimanga, madeya a mpunga, soya wokazinga, zinyenyeswa za usipa zikapezeka, ndi makaka a chinangwa nthawi zina. Chakudya cha nkhumbachi timachiphika m'mgolo.

DCP wakwera mtengo, komanso kuti apezeke mpaka nditumize ku Lilongwe. Wogulitsa wina wandionetsa paketi ya kilogalamu imodzi ya ufa wotchedwa phytase, yolembedwa 5,000 FTU/g (muyeso wa mphamvu yake pa galamu), akuti ndikamathira supuni imodzi pa thumba, za DCP ndiiwale. Kodi n'zoona? Mlingo wake weniweni ndi wotani, nanga kwa nkhumba amagwira chimodzimodzi?

Nabanda_Chitala

Bambo Mbewe, wogulitsayo wakuuzani zoona theka lokha. Mu phytase mulibe fosiforasi woti n'kuwerengera. Iye ndi enzaimu, kanthu kothandiza kuphwanya chakudya m'mimba, ndipo ntchito yake ndi kumasula fosiforasi amene ali kale m'chimanga, m'madeya ndi m'soya, amene nkhuku ndi nkhumba zimamudya n'kumutulutsa m'zitosi osafika m'mafupa.

Mbewu ikamakhwima imasunga fosiforasi wake m'kanthu kotchedwa phytate, kudikira nthawi yomera. Phytate mmodzi amagwira timagawo 6 ta fosiforasi, ndipo pa fosiforasi yense wa m'mbewu, pafupifupi magawo awiri mwa atatu, pena kupitirira, amakhala womangika chotere. Ng'ombe ndi mbuzi sizivutika nazo chifukwa tizilombo ta m'chifu mwawo timapanga tokha phytase. Nkhuku ndi nkhumba zili naye wochepa zedi. Tirigu ali ndi phytase wakewake wambiri ndithu, koma chimanga chathuchi chilibe woti n'kudalira, n'chifukwa chake ife odyetsa chimanga ndi soya ndi amene timapindula kwambiri tikagula wa m'paketiyo.

Tiyeni tiwerenge chakudya chanucho. Manambalawa ndi apakatikati, chifukwa madeya a chigayo china amasiyana ndi a china. Chimanga chili ndi fosiforasi pafupifupi 0.26 peresenti, ndiye makilogalamu 49 akupatsani magalamu ngati 127, koma 93 mwa amenewa ndi omangika. Keke ya soya, pa 0.62 peresenti, ikupereka magalamu 124, omangika 76. Ya mpendadzuwa magalamu 76, omangika 60. Tsono onani madeya a mpunga: ali ndi fosiforasi pafupifupi 1.5 peresenti, kuposa chimanga kasanu ndi kupitirira, moti makilogalamu 12 okhawo akunyamula magalamu 180, koma 150 ndi omangika. Mukaphatikiza, mbewu zanu zili ndi magalamu pafupifupi 507, omangika 379, omasuka 128 okha. Ndiko kuti 0.13 peresenti. DCP ali ndi fosiforasi 18 peresenti, choncho kilogalamu 1.2 ikuwonjezera magalamu 216, n'kufika pa 0.34 peresenti. Apa ndi pabwino kwa nkhuku za msinkhu wanuwo.

Phytase pa mlingo wa 500 FTU pa kilogalamu ya chakudya amamasula fosiforasi wapakati pa 0.10 ndi 0.13 peresenti, amakono ena amapitirirako pang'ono. Pa makilogalamu 100 amenewo ndi magalamu 100 mpaka 130, ofanana ndi DCP wa magalamu 550 mpaka 700. Ndiye yankho langa ndi ili: chotsani theka la DCP, mutsale ndi magalamu 600. Mukachotsa yense mutsikira pakati pa 0.23 ndi 0.26 peresenti, ndipo pamenepo mukudalira kuti ufawo udakali ndi mphamvu zonse komanso wafika m'kamwa mwa nkhuku iliyonse. Pa simenti ndi fosholo chitsimikizo chimenecho palibe.

Musaganize kuti mukathira kawiri mumasula kawiri. Kuchoka pa 500 kufika pa 1,000 FTU phindu limakwera ndithu koma pang'ono, chifukwa timagawo toyamba timathothoka mosavuta, totsalira timavuta, ndipo chakudya sichikhalitsa pamalo amene enzaimuyi amagwirira ntchito. Amafuna malo owawasa: m'chithokomiro, m'chifu ndi m'nthutumba mwa nkhuku, kapena m'chifu cha nkhumba. Chakudya chikangolowa m'matumbo, asidi amachepa, phytate wotsala amagwirana ndi kashiamu n'kusanduka zinthu zosasungunuka, basi mwayi watha.

Za FTU: imodzi ndi mphamvu yomasula micromole imodzi (kamuyeso kakang'ono zedi) ya fosiforasi pa mphindi, poyesa pa pH (muyeso wa kuwawasa) 5.5 ndi kutentha kwa madigiri 37. M'mimba mwa chiweto ndi mowawasa kuposa pamenepo, n'chifukwa chake mapaketi awiri olembedwa 5,000 FTU/g akhoza kugwira mosiyana. Woyamba kugulitsidwa anali Natuphos, mu 1991 ku Netherlands, wochokera ku nguwi yotchedwa Aspergillus niger. Ambiri a masiku ano anachokera ku mabakiteriya monga E. coli, Buttiauxella ndi Citrobacter, ndipo mayina ake ndi monga Quantum Blue, OptiPhos, Axtra PHY ndi Ronozyme HiPhos. Dzina la Aspergillus lisakuopseni. Amene amabweretsa poizoni wa chuku m'mtedza ndi m'chimanga ndi Aspergillus flavus, ndipo m'paketimo muli enzaimu yoyengedwa, osati nguwi.

Musanagule, werengani kaye chizindikiro cha premix yanu. Ma premix ena a nkhuku zoikira amabwera ali ndi phytase kale. Ngati yanu ndi yotere, fosiforasi woyamba uja akumasulidwa kale, ndipo wowonjezerayo sangakupatseni magalamu 120 ena.

Achisale_Khombedza

Masamu a mayi Nabanda ndikugwirizana nawo. Ine ndikhale pa nkhani ya supuni, chifukwa alimi ambiri amagwera pamenepo.

Paketi ya 5,000 FTU/g, pa mlingo wa 500, imafuna magalamu 100 pa tani, ndiko kuti magalamu 10 pa makilogalamu 100, kapena 5 pa thumba la makilogalamu 50. Ikakhala ya 10,000 FTU/g ndi theka la pamenepo. Supuni si muyeso: ya tiyi yosefukira ndi yosalaza zimasiyana pafupifupi kawiri, ndipo phytase wa timibulu amalemera mosiyana ndi wa ufa. Pezani kasikelo ka batire koyeza mpaka 0.1 galamu. Sikelo yopachika ya pamsika singaone magalamu 10.

Vuto lalikulu ndi kumwaza magalamu 10 m'makilogalamu 100 kuti nkhuku yodya magalamu 110 pa tsiku ilandire gawo lake, lomwe ndi 0.011 galamu basi. Mukangowaza pamwamba pa mulu, nkhuku khumi zidya za anzawo 290. Chitani chonchi. Sefani ufa wa mgaiwa wouma bwino. Yezani magalamu 100 a phytase, muwathire mu magalamu 900 a ufawo m'chigubu chouma chotseka, mukhutchumule mphindi zitatu mukuchitembenuza. Kilogalamu imeneyi muisakanize ndi makilogalamu 9 a ufa womwewo m'beseni, ndi manja, mukupikisa timibulu tonse. Tsopano muli ndi makilogalamu 10, ndipo kilogalamu imodzi ya zimenezi ndiyo yopita m'makilogalamu 100 a chakudya. Kumbukirani kuchotsa kilogalamu imodzi pa chimanga kuti masamu asasokonekere.

Pa simenti, yalani chimanga pansi, keke ndi madeya pamwamba, ndipo zing'onozing'ono zonse muyambe mwazisakaniza ndi ndowa imodzi ya madeya musanaziwaze. Sunthani mulu wonse kuchoka uku kupita uko kosachepera kasanu, fosholo iliyonse ikuthiridwa pansonga kuti izitsetsereka mbali zonse. Kuti muone ngati dzanja lanu likukwanitsa, tsiku lina thirani kapu ya mawere pamodzi ndi zing'onozing'onozo, mukamaliza mutape makapu khumi m'malo osiyanasiyana n'kuwerenga njere. Kapu ina ikakhala ndi 5 ina 40, kusakanizako sikunakwane, ndipo DCP musamuchepetse kufikira mutakonza zimenezi.

Phytase ndi puloteni, ndipo kutentha kumamupha monga dzira limaumira m'madzi owira. Wosakutidwa ndi kachikopa komuteteza ku kutentha amayamba kuwonongeka nthunzi ikadutsa madigiri 70 kapena 80, n'chifukwa chake mafakitale opanga chakudya cha timibulu amagula wokutidwa kapena amapopera wamadzi timibuluto titazizira. Inu simupanga timibulu, koma muli ndi moto wanu: soya wongochoka pachiwaya, ndi mgaiwa wongotuluka m'chigayo umene umatentha m'manja. Zonsezi ziyambe zazizira. Phytase asapitenso m'chigayo pamodzi ndi chimanga.

Tsono kusunga. Opanga amati akhale pouma, pozizira, posapitirira madigiri 25. Kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala panja pamadutsa 35, ndipo m'sitolo ya malata opanda siling'i ndiye ng'anjo. Dzinja likafika chinyezi chimalowa paliponse. Werenganinso izi: nkhuku 300 zimadya pafupifupi makilogalamu 33 pa tsiku, tani imodzi pa mwezi, pamene paketi imodzi ndi ya matani 10. Kwa nkhuku zokha idzatha miyezi khumi, ndi nkhumba mwina isanu. Paketi yotsegula siingakhale miyezi yonseyo pa kutentha kwathu kuno mphamvu zili chimodzimodzi, ndipo ufa wakufa suoneka ndi maso, fungo ndi mtundu sizisintha. Ndi bwino kugawana paketi ndi anzanu atatu kapena anayi a m'kalabu. Gawo lanu muligawenso m'timapepala ta pulasitiki ta magalamu 100, mumange mothina, muike m'botolo lotseka, botololo m'furiji ngati ilipo, apo ayi pansi m'chipinda chozizira kwambiri, kutali ndi khoma lowombedwa dzuwa. Makilogalamu 10 osungunula aja akhale a mwezi umodzi basi. Musamusunge atasakanizidwa ndi premix kapena mchere kwa masabata ambiri: mchere umakoka chinyezi, ndipo choline ndi michere ya m'premix zimafooketsa enzaimu msanga.

Pogula onani dzina la kampani yopanga, tsiku lopangidwa ndi lothera mphamvu. Ufa wopimidwira m'jumbo lopanda chizindikiro, umene wakhala pa shelefu yowala dzuwa, usiyeni ngakhale utsike mtengo chotani. Kuti mudziwe ngati mukupindula, yerekezani mtengo wa magalamu 100 a phytase ndi wa makilogalamu 6 a DCP, mtengo wa mayendedwe uli momwemo.

Gama_Dwangwa

Achimwene a Mbewe, za nkhumba zija. Mgolo wanuwo ndi umene ungathe ndalama zanu. Phytase akalowa m'madzi owira amafa yense nthawi yomweyo. Komanso si zonse zofunika kuphika. Madeya safuna moto. Soya mwakazinga kale. Zofunika kuwiritsa ndi zotsala za kukhitchini ndi za m'malesitilanti, chifukwa cha chigodola, ndipo chinangwa chowawa chimafuna kusenda, kuviika ndi kuyanika bwino. Ngati mwaphika, dikirani phalalo lizizire mpaka dzanja lizikhalamo osalichotsa, kenako muthire phytase wosungunula uja n'kutakasa. Pofunda potero enzaimu amayamba ntchito m'mgolo momwemo, ndipo ola limodzi kapena awiri ndi phindu. Koma lisagone. Kutentha kwa kuno phala la madeya limasasa ndi kuchita nguwi usiku umodzi.

Mlingo wa nkhumba ndi womwewo, 500 FTU pa kilogalamu ya chakudya chouma. Muziwerengera chouma, osati phala.

Simunatipatse miyeso ya chakudya cha nkhumba, ndipo simunatchule laimu. Apa ndi pamene ndikukayikira. Nkhumba zodya madeya ambiri nthawi zambiri zimasowa kashiamu fosiforasi asanasowe. Makilogalamu 20 a madeya a mpunga ali ndi fosiforasi magalamu 300, koma kashiamu wake ndi wosaposa magalamu 20. Madeya a chimanga nawo ali ndi fosiforasi wambiri kuposa chimanga chathunthu, chifukwa phytate wa chimanga amakhala m'kamtima kaja kamene kamathothoka pokonola, pamene kashiamu ndi wongonunkhiza. Fupa limamangidwa ndi ziwiri zonsezi, pafupifupi magawo awiri a kashiamu pa gawo limodzi la fosiforasi. Mukamasula fosiforasi koma kashiamu palibe, wotsalayo amangotuluka ndi mkodzo. Buku la 2012 la NRC, bungwe la kafukufuku la ku America, limati nkhumba ya makilogalamu 25 mpaka 50 imafuna kashiamu 0.66 peresenti ndi fosiforasi wogayika 0.31, ndipo ya 75 mpaka 100 imafuna 0.52 ndi 0.24. Pa chakudya cha madeya, laimu wa kilogalamu 1 mpaka 1.3 pa makilogalamu 100 amakufikitsani pafupi.

Koma musapyolenso. Kashiamu wochuluka ndiye mdani woyamba wa phytase, chifukwa amathamangira kugwirana ndi phytate enzaimu asanafike, makamaka laimu wosalala ngati ufa amene amasungunuka msanga. Kashiamu yense poyerekeza ndi fosiforasi yense akhale pakati pa 1 kwa 1 ndi 1.25 kwa 1. Chakudya cha nkhuku zoikira, chokhala ndi laimu 9, chisapite kwa nkhumba kapena kwa anapiye ngakhale chitatsala. Phytate ndi kashiamu akachulukana amamanganso zinki, ndipo nkhumba imachita khungu lokhakhala, long'ambika, la nkhanambo zolimba m'miyendo, pamimba ndi m'ntchafu. Anthu amati ndi mphere n'kumabaya mankhwala osachira. Kusiyana kwake n'kwakuti ya mphere imadzikanda pa khoma tsiku lonse, pamene yosowa zinki sikanda kwenikweni. Phytase amathandiza pamenepa, koma premix ya nkhumba yokhala ndi zinki isasowe.

Usipa ndi chuma. Nsomba yathunthu youma ili ndi fosiforasi pafupifupi 2 peresenti kapena kupitirira, ndipo mulibe phytate, ndiye makilogalamu 3 akupatsani magalamu ngati 60, ofanana ndi DCP wa magalamu oposa 300, kashiamu ali pomwepo. Zinyenyeswa zosesa pansi pa thandala zimabwera ndi mchenga wambiri, choncho muzisefe musanayeze, apo ayi mukuwerengera mchenga ngati nsomba. Kwa zonenepetsa, lekani usipa masabata atatu kapena anayi musanaphe kuti nyama isamveke nsomba.

Makaka ndi nkhani ina. Chinangwa chili ndi fosiforasi wochepa, pafupifupi 0.1 peresenti, ndipo phytate wake ndi wochepanso. Mwezi umene makaka atenga gawo lalikulu la chakudya madeya atachepa, phytase amasowa chomasula. Kuti apereke 0.1 peresenti ija, chakudya chikhale ndi fosiforasi womangika wosachepera 0.2 peresenti. Nthawi yotero bwezerani DCP kapena onjezani usipa.

Maganizo anga: zonenepetsa zodutsa makilogalamu 50, zodya madeya a mpunga 15 mpaka 20 pa 100, phytase ndi laimu zili bwino, DCP mukhoza kumuchotseratu. Ana ongoletsedwa kuyamwa ndi zazikazi zoyamwitsa ayi. Nkhumba yoyamwitsa ana khumi imatulutsa kashiamu ndi fosiforasi wambiri mumkaka, ndipo chakudya chikaperewera imatapa m'mafupa ake. Zotsatira zake mumaziona poletsa ana kapena poikweretsa: miyendo yakumbuyo imakana, imakhala chokhala ngati galu, pena fupa la m'chiuno limathyoka. Kwa zimenezi siyani DCP wosachepera magalamu 600 mpaka 800 pa makilogalamu 100, phytase akhale wowonjezera.

Mbewe_Linga

Zikomo kwambiri nonse. Laimu kwa nkhumba sindimathira n'komwe, ndiyamba. Premix ndayang'ana, phytase sanalembepo. Mafunso awiri atsala. Ndikachotsa magalamu 600 a DCP kwa nkhuku, kashiamu amene anali mmenemo ndimubweze? Chachiwiri, mazira ena ayamba kale kutuluka ndi zikamba zopyapyala mwezi uno. Ndidzadziwa bwanji ngati vuto ndi phytase kapena china?

Nabanda_Chitala

DCP ali ndi kashiamu pafupifupi 23 peresenti, ndiye magalamu 600 akuchoka ndi kashiamu 140. Laimu wabwino ali ndi 36 mpaka 38 peresenti, choncho magalamu 400 abweza zonse. Kwa zoikira bwezani, ndipo mukhoza kufika pa laimu 9.5 kapena 10, chifukwa chakudya chanu chili pa kashiamu pafupifupi 3.7 peresenti pamene nkhuku yoikira imafuna magalamu 4 kapena kupitirira pang'ono pa tsiku. Kwa nkhuku za nyama ndi nkhumba musabweze yense, popeza phytase akaphwanya phytate amamasulanso kashiamu pafupifupi 0.1 peresenti.

Mwina mufunsa kuti nanga laimu wochuluka chotere sapha phytase mwa zoikira? Amamufooketsa ndithu, ndipo mankhwala ake ndi kukula kwa timiyala. Theka kapena magawo awiri mwa atatu a laimu akhale wa timiyala ta mamilimita 2 mpaka 4, ngati njere za mapira. Timeneti timakhala m'nthutumba n'kumasungunuka pang'onopang'ono, ndiye sitilimbana ndi enzaimu nthawi imodzi, komanso timapereka kashiamu usiku pamene chikamba chikupangidwa. Zigoba za nkhono za kunyanja, zotsuka, zowiritsa ndi kusinja kuti zikhale timiyala, osati ufa, zimagwira ntchito yomweyo. Laimu wopaka nyumba ndi woopsa, amawotcha. Wa dolomite wothira m'munda ali ndi maginiziyamu wambiri, amatsegula m'mimba ndi kuwononga zikamba. Ndipo wina asakunamizeni kuti feteleza wa fosifeti angalowe m'malo mwa DCP: amakhala ndi fluoride amene amawononga mafupa. DCP akasoweratu, mafupa a ng'ombe owotcha mpaka kuyera mbee n'kusinja ndi abwino, ali ndi fosiforasi pafupifupi 15 peresenti ndi kashiamu pafupifupi 30.

Zikamba zopyapyala za nyengo yotentha kawirikawiri si za fosiforasi. M'chikamba muli fosiforasi wochepa kwambiri, pafupifupi chonse ndi kashiamu kaboneti. Nkhuku ikamapuma wefuwefu kukamwa kuli yasa, imataya mpweya wa kaboni wambiri, ndipo kaboneti womangira chikamba amachepa m'magazi. Imadyanso pang'ono, mwina magalamu 95 m'malo mwa 110, ndiye kashiamu ndi fosiforasi wa pa tsiku amatsika ngakhale chakudya chisanasinthe. Ichi ndi chifukwa china chimene ndikukanizira kuchotsa DCP yense kuno kunyanja. Dyetsani m'mamawa ndi madzulo kukazizira, gawo lalikulu madzulo, madzi akhale pamthunzi, ndipo onani ngati premix sinapitirire nthawi chifukwa vitamini D3 akafooka, kashiamu ndi fosiforasi onse salowa m'thupi. Vuto limeneli mulithetse kaye musanayambe phytase, kuti musadzasokoneze ziwirizi.

Mwale_Chipoka

Mayi Nabanda, pa kusamala kwanu ndilibe mawu, koma ndisiyane nanu pang'ono. Nkhuku yoikira yokhwima imafuna fosiforasi wochepa kuposa mmene mabuku a makampani oswetsa anapiye amalembera, chifukwa iwo amaikapo wapamwamba wodzitetezera. Dzira limodzi limatenga fosiforasi pafupifupi 0.1 galamu basi. Nkhuku zodutsa masabata 50, zodya bwino m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pa chakudya cha bambo Mbewe chokhala ndi phytate wambiri chonchi, zikhoza kutsikira pa DCP wa magalamu 300 popanda vuto, bola phytase akhale watsopano. Fosiforasi wopyola muyeso nayenso amapyapyalitsa chikamba. Pamene sindingayerekeze n'komwe ndi pa anapiye a masabata atatu oyamba ndi misoti yoyamba kumene kuikira. Anapiye a nyama amafuna fosiforasi womasuka 0.45 peresenti kapena kupitirira ndi kashiamu pafupifupi 0.9 mpaka 1, ndipo mafupa akapindika pa msinkhu umenewo sawongokanso.

Bambo Mbewe, musasinthe khola lonse tsiku limodzi. Patulani nkhuku 50, muzipatse chakudya chatsopano, zinazo zipitirize chakale. Muyese masabata 6 mpaka 8, chifukwa nkhuku imayamba yatapa m'mafupa ndipo masabata awiri oyamba zonse zimaoneka bwino. Tsiku lililonse lembani mazira, osweka, ndi chakudya chimene chadyedwa mbali zonse ziwiri. Sabata iliyonse gwirani nkhuku khumi zomwezomwezo, muyendetse chala pa fupa la pachidali. Likhale lowongoka ndi lolimba. Likayamba kukhota kapena kufewa kunsonga, bwezerani DCP tsiku lomwelo. Zizindikiro zina ndi kuchepa kwa kudya, mazira kutsika pang'onopang'ono, ndi nkhuku yogona pansi maso ali gwa, yofuna kudya koma yolephera kuimirira. Mwa anapiye, mlomo umapindika mukaukanikiza ndi chala, amayenda pang'ono n'kukhala chogwada, ndipo mukatumbula mumapeza timfundo ngati mikanda m'nthiti. Pomaliza muphe imodzi kuchokera mbali iliyonse, muchotse fupa lalitali la mwendo n'kulithyola ndi manja. Labwino limalimba kenako n'kuthyoka kamodzi kuti thyo, losowa michere limapindika kaye kapena kuphwanyika ngati chigoba.

Si kupuwala konse kochokera ku chakudya. Nkhuku yotambasula mwendo umodzi kutsogolo wina kumbuyo ndi ya matenda a Marek. Yopotoka khosi, ya chitosi chobiriwira, zikufa zambiri nthawi imodzi, ndi chitopa, ndipo pamenepo itanani alangizi a ziweto msanga. Chuku cha m'chimanga kapena m'keke nachonso chimafooketsa mafupa chifukwa chimawononga chiwindi chimene chimakonza vitamini D3.

Madeya a mpunga ndiwonjezepo mawu, poti ndi amene akunyamula phytate wambiri m'chakudya chanu. Zigayo zing'onozing'ono zokonola kamodzi zimatulutsa madeya osakanikirana ndi mankhusu. Mankhusu alibe chakudya, ndi olasa, ndipo madeya otere alibe fosiforasi 1.5 peresenti amene tawerengera uja, mwina theka lake. Tapani dzanja limodzi muthire m'kapu ya madzi: mankhusu amayandama, madeya enieni amachita phala n'kumira. Akachuluka, sefani kapena chepetsani zimene mukuyembekezera kwa phytase. Mafuta a m'madeya a mpunga amawolanso msanga pa kutentha, choncho gulani a masabata awiri, ndipo akayamba kununkha ngati sopo wakale asapite kwa nkhuku.

Wogulitsa akakupatsani pepala la kampani losonyeza kuti phytase amapulumutsanso mphamvu ndi puloteni, tengani manambala a fosiforasi ndi kashiamu okha. Enawo ndi a mafakitale oyeza zosakaniza zawo mu labotale. Soya musachepetse.

Manyowa nawo asintha. Fosiforasi wotuluka m'zitosi ndi m'ndowe amatsika ndi gawo limodzi mwa anayi kapena mwa atatu, ndipo ku Netherlands chimene chinakankha phytase kulowa pamsika chinali chimenechi: ndowe za nkhumba zinachuluka kuposa minda, boma linakhwimitsa malamulo a manyowa. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, makola ambiri ali pa mchenga, ndipo mvula yoyamba imakokolola zonse kupita ku Kaombe, Chia, Bua kapena Linthipe. Fosiforasi ndiye chakudya cha ndere ndi namasupuni, ndipo izi zikawola zimamaliza mpweya m'madzi momwe nsomba zimaswana. Kutsikaku kumachitika pokhapokha DCP atachepetsedwadi. Mukathira phytase DCP ali yense, ndowe zimatuluka ndi fosiforasi wosungunuka wambiri kuposa kale, amene madzi amamunyamula mosavuta. Ku dimba manyowawo adzagwirabe ntchito, nayitirojeni wake sachepa, koma mulu wake ukhale pamalo okwera, wofolera, ndi kangalande kopatutsa madzi a padenga la khola kuti asadutsepo.